Ndikulemba buku la kazitape woti anamusemera chinyau koma ndatitimira pa chaputala 9, thandizeni maganizo

Mfana_waChilomoni:

Moni nonse. Ine muno ndimangowerenga za anzanga osalembapo kanthu koma lero zandikulira ndiye ndati mutu umodzi susenza denga. Chaka chachiwiri chino ndikulimbana ndi kabuku kanga ka m'Chichewa, ndimalemba pa foni usiku ndikaweruka, magetsi akalola. Nkhani yake mwachidule ili chonchi, munthu wanga wamkulu ndamutcha Ndaziona, anagwira ntchito ya ukazitape m'boma zaka 14 kenako anamuchotsa mosadziwika bwino, ndiye patapita zaka ziwiri mkulu wina wa ku unduna apezeka atafa ndipo mfuti yomwe yamupha ipezeka kudenga kwa nyumba ya Ndaziona. Iye athawa, ayamba kufufuza yekha ndipo azindikira kuti omwe amupachika mlanduwo ndi mabwana ake akale omwe akubisa nkhani ina yaikulu.

Ndalemba machaputala 8, ndinampatsa mnzanga wina kuti awerenge, wandibwezera mawu amodzi okha akuti "iyi ndi filimu ya azungu waingoiveka chitenje". Zinandiwawa koma nditawerenganso ndaona kuti sakunama, muli kuthamangitsana pa galimoto mu Chipembere Highway, muli kamtsikana kodziwa kuthyola makompyuta a boma, mulinso flash yomwe ili ndi chinsinsi chonse. Ndiye funso langa, nkhani ngati imeneyi ingakhale bwanji yathu yeniyeni? Ndiyiike masiku ano kapena nthawi ya Kamuzu? Komanso munthu wothawa boma kuno kwathu angabisale kuti poti aliyense ndi mlamu wa winawake? Ndipo umboni woti agwetse nawo mabwanawo ukhale chani ngati si flash?

Dolo265:

Kkkkk aise kuthamangitsana mu Chipembere nthawi yanji? Ngati ndi 5 koloko madzulo wapolisi angotsika galimoto nkumupeza wapansi, mwinanso aima kaye pa Ginnery Corner kugula chimanga chootcha. Komanso onse awiri wothawa ndi wothamangitsa akakumana pa mzere wa mafuta, wina nambala 40 wina nambala 43.

Koma zoona zake masiku ano kubisala nkovuta mani, SIM kadi iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso, ukangolandira ka ndalama pa foni wadziulula, ndipo ukafika mudzi wachilendo pofika madzulo chithunzi chako chili pa gulu la WhatsApp la mpingo. Kamtsikana kothyola makompyutako kachotse, zinsinsi zathu zambiri zili mu fayilo ya khaki yomanga ndi kachingwe, amene amadziwa pomwe ili ndi mesenjala basi. Ine ndikanakhala iwe ndikanabwerera mmbuyo, nthawi yopanda foni za m'manja.

Madala_aKuZomba:

Mphwanga ndawerenga bwinobwino ndipo mnzako uja umusunge, anzako onena zoona ndi ochepa. Ine zaka zimenezo ndinali kale pantchito ya ukalaliki ndiye ndilola ndikuuzeko pang'ono, upirire kutalika kwake.

Choyamba, munthu wofanana ndi Ndaziona wakoyo analipo m'dziko muno, sukufunika kukamubwereka kunja. Focus Gwede anali mkulu wa Special Branch, dzina lake lokha anthu ankalitchula monong'ona. Mu 1976 anamangidwa pamodzi ndi Albert Muwalo yemwe anali mlembi wamkulu wa MCP, mlandu wake woukira boma, ndipo anakazengedwa ku Traditional Court komwe loya sankaloledwa kulowa. Onse anagamulidwa kuti aphedwe, Muwalo anapachikidwadi mu 1977, Gwede anamusinthira chilango nkukhala m'ndende mpaka 1993. Sindikukuuza kuti anali mngelo ayi, nthawi yawo anthu ambiri anakaolera ku Mikuyu popanda mlandu ozengedwa. Chomwe ndikufuna uone nchakuti tsiku lomwe anamangidwa panalibe yemwe analira. Ndiye iwe munthu wako wagwira ntchito imeneyi zaka 14, manja ake angakhale oyera bwanji? Anagogodapo zitseko za anthu usiku, anatengapo mwana wa munthu pamaso pa amake. Lero ndiye akuthawa, agogoda pakhomo pa ndani? Buku lako lagona pamenepo osati pa liwiro la galimoto. Mupange kuti munthu yekhayo amene angamuthandize akhale yemwe iyeyo anamutsekera zaka zisanu ndi chimodzi, tione ngati ampatse madzi akumwa.

Chachiwiri ndi nkhani ya umboni. Tenga za ku Mwanza. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa akuchokera ku nyumba ya malamulo ku Zomba, anagonekedwa ku Mikuyu, kenako mitembo yawo inapezeka ku Thambani pafupi ndi malire a Mozambique pamodzi ndi galimoto ya Peugeot, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya pamsewu akuthawa. Ife tinamva pa wayilesi, TV kunalibe, wayilesi inali imodzi yomweyo ya MBC, tinayang'anana mu ofesi aliyense nkuweramira pa taipilaita yake. Panalibe yemwe anakhulupirira komanso panalibe yemwe anatsutsa. Umboni wa nkhani imeneyo sunali mu chitsulo chilichonse, unali m'mitu ya anthu wamba, madalaivala, apolisi ang'onoang'ono otumidwa, a kuchipatala omwe anaona mabala, achibale omwe anakanizidwa kulira maliro mwa mwambo wake. Anthu amenewa anakhala nacho pamtima zaka 11. Boma litasintha mu 1994 ndi pomwe panakhazikitsidwa komishoni yofufuza yotsogoleredwa ndi Justice Mtegha nkupeza kuti anthuwo anachita kuphedwa. Mlandu unalowa m'khoti, Kamuzu ndi John Tembo anazengedwa, ndipo mu December 1995 khoti linawapeza osalakwa. Ndiye ukadzalemba mathero oti Ndaziona wapeza pepala limodzi, walipereka kwa mtolankhani, m'mawa mwake mabwana onse ali mu unyolo, ine ndidzatseka buku nkukolezera mbaula.

Ndikuuzenso kanthu kena kakang'ono komwe ndinaona ndi maso anga. Panali bala ina ku Limbe komwe tinkapita Lachisanu tikalandira. Pakona pankakhala bambo wina wa jekete labulauni, botolo limodzi lomwelo kuyambira 6 koloko mpaka kutseka, osayankhula ndi munthu, akangolowa tonse nkhani inkasanduka ya Bullets ndi Wanderers, ngakhale osadziwa mpira ankayamba kutsutsa za penate. Tinkadziwa tonse kuti ameneyo ndi khutu. Ndiye panali wina mnzathu wansangala, wogulira anthu mowa, yemwe ankayambitsa tinthabwala ta ndale jekete uja akatuluka kukataya madzi, ife nkumaseka nkumawonjezera. Mphunzitsi wina yemwe ankawonjezera kwambiri anadzatengedwa usiku ndi anthu a galimoto yopanda nambala, anabwera patatha zaka zitatu mano akutsogolo palibe. Ndi iyeyo anadzatiuza kuti mawu onse omwe anamuwerengera kumeneko anali omwe anayankhula jekete uja ali panja. Bambo wa jekete anali munthu wofedwa mkazi chabe, ankaopa kukakhala yekha m'nyumba. Ukazitape wathu unali wotero mphwanga, wopanda magalasi akuda.

NaPhiri_Mabuku:

Madala mwandiimitsa tsitsi ndi nkhani ya jeketeyo. Achimwene a Chilomoni, zomwe anena madalawa musataye, koma ine ndibwere mbali ina, ya kasemedwe ka chinyaucho, chifukwa pamene pandikayikitsa ine ndi pa mfuti ya kudenga ija. Munthu wagwira ukazitape zaka 14 angaphe munthu nkukasunga mfuti kudenga kwake? Wowerenga aliyense aona kuti zachita kuikidwa, ndiye apolisi a m'bukumo akaoneka opusa nkhani yonse yatha mphamvu. Bodza logwira munthu limamangidwa ndi zoona. Ndaziona akhaledi kuti anakanganapo ndi malemuyo pagulu, akhaledi kuti usiku umenewo anali pafupi ndi malowo pa chifukwa china chomwe sangachinene, mwina chochititsa manyazi, mwina anali kwa mkazi wa mwini. Akanena komwe anali wapha banja la wina, akakhala chete wadzipachika.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale ndiye nkhani yomwe ndimaikonda pa zoterezi ndi ya ku France, ya Alfred Dreyfus. Mu 1894 mayi wina wosesa ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Paris, yemwe ankagwirira ntchito akazitape a France, anatola kapepala kong'ambika mu bini kosonyeza kuti msilikali wina wa France akugulitsa zinsinsi. Akuluakulu anafuna munthu mwachangu, analoza Dreyfus, kaputeni wachiyuda, akuti zolemba zikufanana ndi dzanja lake. Anamuvula maudindo pagulu nkumutumiza kundende ya pachilumba cha Devil's Island. Mu 1896 mkulu watsopano wa ofesi ya akazitape, Georges Picquart, anapeza kuti wolakwa weniweni ndi wina, Major Esterhazy. Anakauza mabwana ake akuganiza kuti amuyamikira, iwo anamuuza kuti asiye, atakakamira anamutaya ku Tunisia, kenako iyenso anamangidwa nkuchotsedwa usilikali. Mkulu wina mu ofesi yomweyo, Henry, anachita kupeka kalata yabodza kuti mlandu wa Dreyfus ulimbe, zitaululika mu 1898 anavomera ndipo anapezeka atafa m'chitokosi tsiku lotsatira. Ndi zonsezo khoti la asilikali linamupezanso Dreyfus wolakwa mu 1899, anangomukhululukira, dzina lake linadzayeretsedwa mu 1906. Zaka 12.

Chimene ndimawauza ana anga m'kalasi ndi ichi, anthu aja sanakhale pansi tsiku loyamba nkunena kuti tiyeni tipange chiwembu. Analakwitsa, anachita manyazi kuvomera, anabisa, kubisako kunafuna bodza lina, bodzalo linafuna lina, mpaka anthu omwe sanamuonepo Dreyfus nkomwe anayamba kunama poteteza ulemu wa asilikali, ena mwa iwo akukhulupiriradi kuti akutumikira dziko. Ndipo Picquart sanali mnzake wa Dreyfus, iyenso anali nalo tsankho pa Ayuda, chinamuvuta nchoti waona dzanja la wolakwa weniweni ndi maso ake basi. Mabwana a m'buku mwanu asakhale afiti okumana m'chipinda chamdima akuseka mokweza. Akhale anthu opita kutchalitchi, olipirira ana amasiye fizi, oti ataona Ndaziona pa maliro amugwira chanza ndi manja awiri.

Pa mathero pokha ndisiyana nawo pang'ono madala. Zoona chilungamo chathu chimachedwa ndipo nthawi zina sichifika, koma munthu wagula buku ndi ndalama zake, wagona mochedwa masiku anayi, musamusiye chimanjamanja. Mabwana asamangidwe kaya, koma pakhale kanthu kamodzi komwe Ndaziona wawalanda, ngakhale kukhale kungoti mkazi wa malemu uja wadziwa zoona zake za mwamuna wake.

Dolo265:

Aphunzitsi mwatiphunzitsa ulere kkkk. Koma point ya kwa mkazi wa mwini ija ndi moto, imeneyo ndiye ya kwathu kuno yeniyeni, munthu angalole kunyongedwa kusiyana nkuti apongozi amve.

Mai_aTadala_Joni:

Ndikuyankha ndili pa shifiti ndiye mukhululuke zolakwika. Funso la kobisala palibe waliyankha bwino. Ine kwathu ndi ku Ntcheu chakumtunda, ndipo amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Tsangano turn off akudziwa kuti msewu wa M1 malo ena ndi umene uli malire, mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique, anthu ake amodzi, chiyankhulo chimodzi, ena munda uli uko nyumba ili kuno. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo cha m'ma 1986 kupita mtsogolo anthu othawa anadzaza mbali yathu, dziko lonse anafika pafupifupi 1 miliyoni, ndili mwana ndinkaona tinyumba taudzu mbali mwa msewu ndi mizere ya anthu polandira ufa ndi nandolo. Munthu wofuna kusowa akanangovula nsapato, kuvala sanza, nkulowa pa mzere umenewo ndi dzina lina, ndani akanamufunsa? Tangoganizani bwana yemwe ankaopedwa mu Blantyre yense ali pa mzere ndi kathumba kudikira ufa, ndipo chomwe chingamuulule ndi manja ake osalala osagwirapo khasu komanso Chichewa chake cha m'tauni choti akalankhula mawu atatu limodzi ndi lachingerezi. Amayi a kumudzi zimenezo amaziona tsiku loyamba, sanena kanthu koma aona.

Koma musaganize kuti kuwoloka malire ndiye wapulumuka. Attati Mpakati, wotsutsa boma la Kamuzu yemwe anathawira kunja, anamutumizira bomba la mu kalata ali ku Maputo mu 1979 linamudula zala, ndipo mu 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anamutenthera m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a pabanja pake. Orton Chirwa ndi mayi Vera anagwidwa chakumalire a Zambia kumapeto kwa 1981, bambowo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ndiye mantha a Ndaziona asathe chifukwa wadumpha msewu.

Ndipo njira yomugwirira ndikupatseni ulere, maliro. Mmalawi mungamubise kudzenje koma akamva kuti mayi ake amwalira atuluka. Nthawi imeneyo mauthenga achisoni ankaulutsidwa pa wayilesi, aliyense ankatchera khutu. Mabwana akewo akungofunika kupereka uthenga umodzi wabodza, akuti mayi uje a m'mudzi mwakuti amwalira, mwambo wa maliro mawa, ana onse afike. Iye monga kazitape akudziwa kuti utha kukhala msampha poti mwina iyenso anautcherapo ena, koma nanga zikakhala zoona? Chaputala 9 chanu ndi chimenecho, usiku umodzi munthu ali ndi kawayilesi ka mabatire akutha, apite kapena asapite.

China, mkazi wake ali kuti m'bukumu? Simunamutchule ngakhale kamodzi. Amuna mukamalemba zoterezi mkazi amangolira pa chaputala 2 nkusowa. Pomwe amene ankasenza zonse ndi iyeyo, kutulutsidwa m'nyumba ya boma katundu ali panja, anzake a kumvano kumulambalala pamsika ngati ali ndi khate, ana kusukulu kumatchedwa ana a chigawenga. Ndipo mkazi wa kazitape amadziwa zambiri kuposa mmene mwamunayo amaganizira, amachapa malaya ake.

Chomaliza chonde maina enieni tawatchula munowa ndi oti inu mudziwe mbiri, musawalowetse m'nkhani yopeka nkumawayankhulitsa zomwe sananene, ana awo ndi adzukulu alipo ndipo mabala sanapole. Pekani anthu anuanu, unduna wanuwanu.

Mfana_waChilomoni:

Eeh abale sindinagone, ndawerenga katatu. Zikomo nonse, madala, aphunzitsi, mayi a Tadala, ngakhale iwe Dolo wandiseka koma wanena zoona. Flash ndataya, kamtsikana ka makompyuta kasanduka mayi wa zaka 50 wotaipa mu ofesi yemwe ankauzidwa kuti aziwotcha mapepala a kaboni koma ena ankapita nawo kunyumba kukakulungira zitumbuwa, ndiye limodzi linatsala pansi pa sutikesi. Nkhani ndaibweza ku 1987, ndipo ndikufuna idzathere mu December 1993 nthawi ya Operation Bwezani pomwe asilikali ankalanda zida apayoniya, chifukwa m'chipwirikiti ngati chimenecho maofesi ali pululu munthu atha kulowa nkutenga fayilo yake. Mfuti ya kudenga nayonso yapita. Za mkazi wake mayi mwandigwira pakhosi, ndinalibe naye pulani ina iliyonse, ndiyambira pomwepo.

Madala funso limodzi, Ndaziona akuthawa mu Blantyre kupita ku Ntcheu, ndalemba kuti wakwera minibasi pa Wenela usiku, wameta ndevu wavala chipewa. Zikumveka za nthawi imeneyo?

Madala_aKuZomba:

Mukweze basi ya kampani ya UTM (United Transport Malawi) mphwanga, ndiyo inali ya aliyense, ndipo yoima paliponse ija osati ya express, ya express munkakwera anthu oti angamuzindikire. Ndevu ndi chipewa zilibe ntchito. Chomwe chingamugwetse ndi kadi ya chipani, ayufi a malaya ofiira ankaima pakhomo la depoti ndi pamsika, wopanda kadi sukwera, ndipo ikhale ya chaka chimenecho osati ya chaka chatha. Ndiye ganiza, yake yeniyeni ili ndi dzina lake, yogula pompo afunika kutchula dzina ndi mudzi ndi mfumu yake pamaso pa mnyamata yemwe mwina kwawo nkomweko. Tsitsi likhale lalifupi, buluku lisakhale lotambalala kumiyendo, zimenezo zokha ankakutsitsa nazo. Pa rodibuloko asakhale pawindo ndipo asagone tulo tabodza, wapolisi amayamba ndi ogona. Mupatse nkhuku anyamule pamiyendo, munthu wonyamula nkhuku palibe amamuyang'ana kumaso, onse amayang'ana nkhukuyo.

Mayi wotaipa uja ndamukonda, koma kaboni sakulungira zitumbuwa, imadetsa, ankakulungira ndi mapepala achiwiri aja opyapyala otuluka pansi pa kaboni. Konza pamenepo. Ukamaliza chaputala cha maliro unditumizire ku inbox, ndiwerenga ndi magalasi anga atsopanowa.